Makutu a Anasimbi

Azakhali a amuna anga ndi osita zovala. Mumsewu mwathu palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni, aliyense amangoti Anasimbi, ndipo iwo amavomera bwinobwino. Ine ndimati Azakhali, monga amachitira bambo a mwana. Tinabwera kudzakhala pafupi nawo ndili ndi pakati, pamdadada wa zipinda, chathu ndi chawo kulekana khoma limodzi.

M'chipinda mwawo muli tebulo lalitali pansi pa windo, loyalidwa bulangeti lakale ndi nsalu yoyera pamwamba. Pakati pa nsaluyo panafiira chifukwa cha kutentha. Pambali pamakhala botolo la madzi lobowola chivindikiro, lowazira zovala. Amasita atayang'ana kuwindo, msana kuchitseko, chifukwa amati khwinya limabisala mumthunzi ndipo limafuna kuwala kuti ulione. Masana dzuwa likalowa, nthunzi imakwera pang'onopang'ono kudutsa m'kuwalamo, malaya opachika pamahang'ala n'kumagwedezeka okha ngati anthu amene aima pamzere koma alibe kothamangira. Mwana wanga atabadwa ndinkapita kukakhala mmenemo masana alionse. Munkafunda, munkanunkhira sopo ndi nsalu yotentha, ndipo mwana ankagona tulo tosadzuka nato msanga. Nthawi zina nanenso ndinkasinza pampando, osadziwanso ngati ndili maso.

Ntchitoyi anaiyamba ali mtsikana, kuchipinda chochapira cha hotela ina yaikulu, pansi penipeni pa nyumbayo. Amati makina akumeneko ankalira tsiku lonse ngati mvula ya pamalata, moti atsikana sankavutika n'kukuwa, ankangoyang'anana pakamwa n'kumvana. Miseche yonse ya mabwana inkayenda choncho, popanda mawu. Anakwatiwa ndi bambo wina wopaka penti m'nyumba za anthu, amene ankabwera madzulo tsitsi lili mawangamawanga, akuimba mluzu. Bamboyo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo adakali pasukulu. Hotela itatsekedwa, Azakhali anagula simbi yawoyawo n'kuyamba kusita pakhomo. Mwana uja anaphunzira ndi simbi imeneyo, ndipo lero ndi dalaivala wa basi. Kwa ine ndi alamu.

Alamuwo ndi munthu wabwino, koma anali ndi nyimbo imodzi. Amakhala kutali, pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, ndipo ankafuna kuwatenga amayi awo akapume kumeneko.

"Amayi, tsiku limene ndidzaone kuti mwayamba kulephera, sindidzakufunsaninso. Ndidzangobwera ndi galimoto."

"Ubwere ndi yamipando yansalu, ndidzakusitire," ankayankha choncho Azakhali.

Koma alamu akachoka, nkhope inkagwa. Anapitako kamodzi kukacheza, ndipo anandiuza kuti kumeneko munthu umangokhala ngati malaya pahang'ala, woyera bwino, wopanda wokuvala. Chimene ankaopa pamoyo wawo chinali galimoto imeneyo basi.

Pawindo paja pankakhala mphaka. Anali wakuda, koma m'khosi anali ndi mzere woyera wozungulira, n'chifukwa chake anamutcha Kolala. Anabwera ali kamwana, atagona mkati mwa mtolo wa nsalu za pabedi zochokera kunyumba ina ya alendo. Azakhali atamasula mtolowo anangoona timaso tiwiri. Atafunsa eni nsaluzo anakana kuti si wawo, ndiye anakhala. Mmene ine ndinkafika n'kuti ali mphaka wamkulu wonenepa, wa ulesi wake, wokonda kugona pamulu wa zovala zongosita kumene mpaka atam'pirikitsa. Koma nthawi ya ntchito sankachoka pawindo, maso kwa Azakhali, iwonso maso kwa iye.

Azakhali anali ndi mbiri mumsewu monse yoti amadziwa munthu ndi mapazi. Munthu akangogogoda, iwo osacheuka n'komwe ankati, "Lowani Anesi, mayunifolomu anu ndi awo apo." Ndipo ankakhaladi Anesi a kuchipatala. Wina akagogoda ankati, "Ometa, mwabweranso ndi matawulo anu onunkha mafutawo?" Ometawo ankalowa akuseka.

"Anasimbi, inu muli ndi maso kunkhongo."

"Maso ayi. Mumayenda ngati mwasenza kabati."

Ketulo ikangoyamba kulira pakona, ankaika simbi chiimire n'kukaiphula. Foni ikalira pashelefu ankaitenga, n'kuyamba kuwauza alamu za mitengo ya sopo, za mvula, za bondo lawo, kenako n'kutsanzika. Alamu ankadandaula kwa amuna anga kuti amayi pafoni sapereka mpata, munthu umangoti ee, ee, mpaka foni kuduka. Tonse tinkaseka. Analinso ndi lamulo loti wolankhula nawo aziwayang'ana kumaso. "Ine si khoma, tayang'anani kuno," ankatero, ndipo tinkati ndi ulemu wa anthu akale.

Tsiku lina mmawa Kolala sanakwere pawindo. Dzulo lake anali bwinobwino, anathamangitsa gulugufe pakhonde mpaka kugwetsa tsache langa. Koma mmawa umenewo anagona pansi pa tebulo, chakudya osachiyang'ana, akupuma mofulumira kukamwa kuli yasa. Atayesa kuimirira, miyendo yakumbuyo inakana, anangoikoka. Nditaigwira inali yozizira.

Azakhali anazimitsa simbi dzuwa lisanakwere, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Tinamuika m'dengu la zovala, pa tawulo, ine mwana kumbuyo, n'kupita kwa dokotala wa ziweto kuseri kwa msika. Dokotalayo anali mayi wachitsikana, atavala kansalu kotseka pakamwa ndi mphuno. Anamuyeza kutentha, anamumvetsera pamtima, anamutsegula kukamwa, anamupapasa mimba ndi msana. Anafunsa ngati tathira mankhwala a makoswe, ngati anagwa, ngati analumidwa. Azakhali anangoti duu, kuyang'ana kansaluko.

"Akuti chiyani?" anandifunsa.

Ndinabwereza. Ndinkaganiza kuti ndi chisoni chawatseka mutu.

"Palibe bala, palibe chizindikiro cha poizoni," anatero dokotala. "Mwina ndi mtima, mwina magazi aundana penapake. Mayi, ndisakunamizeni, sindikudziwa. Ndimubaya jakisoni woletsa ululu. Mukamufunditse."

"Akuti chiyani?"

"Akuti sakudziwa, Azakhali."

"Aphunzira zaka zonsezo kuti asadziwe?"

Dokotala sanakwiye. Anangomusisita Kolala pamutu ndi chala chimodzi.

Kolala anatha tsiku lotsatira masana, dzuwa lili pawindo. Azakhali anasita tawulo kuti lifunde, n'kumukulunga, n'kukhala naye pamiyendo. Dzanja lawo linali panthiti zake, pamene pankanjenjemera ngati injini akamamusisita. Ine ndinali pampando wanga kuyamwitsa. M'chipindamo munali zii, fumbi lokha likuyandama m'kuwala, malaya a anthu ali chiimire pamahang'ala. Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji. Kenako anachotsa dzanja n'kuliyang'ana.

"Injini yazima," anatero.

Amuna anga anakumba kuseri, pafupi ndi mpanda. Azakhali anamuika ndi tawulo lomwelo, n'kubwerera kukayatsa simbi, chifukwa Anesi ankafuna mayunifolomu mmawa.

Anthu anapepesa monga amapepesera za mphaka, mwachidule. Ometa anati kwa mlongo wawo kuli tiana ta mphaka, abweretsa kamodzi.

"Mphaka si simbi, yoti ikapsa ukagula ina," anayankha Azakhali. Ometa anangokanda kumutu.

Zachilendo zinayamba sabata yomweyo. Anesi anagogoda kwathu, nkhope itakwinyika.

"Mayi a mwana, kodi Anasimbi ndawalakwira chiyani? Ndagogoda mpaka zala kuwawa. Ndikuwaona pawindo akusita, koma osanditsegulira."

Mawa lake anali bambo wina wa masuti, amene anatopa n'kupita ndi masuti ake kwina. Foni inkalira pashelefu, ine kuimva kudzera kukhoma, kulira mpaka kusiya. Ndinkati ndi maliro, munthu akafedwa safuna anthu. Azakhali anayamba kusiya chitseko chotsegula, koma mphepo inkalowetsa fumbi la mumsewu pazovala zoyera, ndiye ankatsekanso. Ankasita akucheukacheuka ngati munthu amene akutsatidwa, mpaka anapsereza kolala ya shati, iwo amene sanapserezepo kanthu chibadwire.

Kenako inali ketulo. Ndinkachapa matewera pakhonde pamene ndinaimva ikulira. Inalira, inalira, kenako inasiya yokha. Patapita kanthawi ndinamva fungo la chitsulo chopsa ndi pulasitiki. Ndinakankha chitseko. Pakona utsi unali tolotolo, chogwirira cha ketulo chikusungunuka, ndipo kansalu kopukutira mbale kanali katayamba kuyaka. Azakhali anali patebulo, msana kuno, akuwaza madzi pa diresi mwakachetechete. Ndinazimitsa, n'kuponya kansaluko m'ndowa. Mwana kumbuyo kwanga analira mokuwa. Azakhali sanacheuke.

Ndinaima kumbuyo kwawo, pafupi moti ndikanatha kuwagwira.

"Azakhali."

Simbi inapita, inabwera.

"Azakhali, nyumba ikupsa."

Simbi inapita, inabwera. Kenako fungo linawapeza, anatembenuka, n'kundiona ine, utsi ndi ketulo. Anandiyang'ana pakamwa. Apo m'pamene ndinaona kumene maso awo amayang'ana munthu akamalankhula.

Anakhala pansi pamulu wa mabulangeti.

"Wadziwa," anatero.

"Kuyambira liti?"

"Anayamba kutseka ndili kuhotela. Kumanzere kunatsogola. Kumanja kunatsatira mwana wanga asanakwatire. Tsopano ndimangomva ngati ndili pansi pa madzi, kutali uko kukuchitika zinthu."

"Nanga mapazi a anthu aja?"

Anaseka pang'ono, n'kuloza pawindo popanda kanthu.

"Munthu akagogoda, makutu a Kolala ankatembenukira kuchitseko. Akakhala Anesi ankaimika mchira, chifukwa Anesi ankamubweretsera mitu ya nsomba. Akakhala Ometa ankatsika n'kulowa pansi pa tebulo, poti Ometawo amanunkha galu wawo. Wa masuti sankamulabadira, khutu limodzi lokha, ndiye ndinkadziwa kuti ndi iyeyo. Iwe ukamabwera ankayasamula."

"Kuyasamula?"

"Ankadziwa kuti mwabwera kudzagona."

Anandiuza kuti ketulo ikalira Kolala ankayang'ana pakona n'kufinya maso ngati wanyansidwa. Foni ikalira ankaiyang'anitsitsa ngati mbewa. Sanamuphunzitse. Anangokhala limodzi zaka zambiri, wina kuyang'ana mnzake, mpaka zinakhala choncho.

"Usamuuze mlamu wako," anatero atandigwira dzanja. Dzanja lawo linali lofunda ngati nthawi zonse. "Akamva, ndi galimoto."

Ndinavomera ndi mutu, koma mtima sunavomere. Bedi la mwana wanga lili kuseri kwa khoma lomwelo, mbali ya ketulo. Masiku amenewo ndinkangokhalira kununkhiza mphepo. Ndikapita kumsika ndinkabwerera ndisanagule zonse. Kuwauza alamu kunali kuwapachika Azakhali pahang'ala paja, kusawauza kunali kudikira utsi wina. Ndinkawayang'ana pawindo ndili panja, akusita m'nthunzi yawo, maso akupitabe pamalo a Kolala n'kubwerera.

Alamu sindinawauze, koma Ometa anaona utsi uja, ndipo poti iwo ndi alamu anaphunzira limodzi, nkhani inawafika. Loweruka masana kagalimoto kobwereka kanaima pakhomo. Alamu anagogoda. Anagogodanso. Anaitana, "Amayi." Ndinatuluka n'kuwapeza ataima, akuwaona amayi awo pawindo, nkhope yawo ngati ya mwana wotayika pamsika.

"Alamu, kankhani. Ndipo mukalowa mukaime kutsogolo kwawo."

Anandiyang'ana, n'kulowa. Ndinawatsatira.

Azakhali ataona mwana wawo anaimika simbi. Anaona galimoto pawindo. Anapukuta manja pa epuloni, ndipo sanadikire kufunsidwa.

"Sindimva, mwanawe. Makutu anatha kalekale. Amene ankandimvera wapita."

Alamu anakhala pampando wanga.

"Nanga pafoni?"

"Pafoni ndinkalankhula ndine. Iwe unkati chiyani?"

"Ndinkafunsa ngati mwadya."

"Ndinkadya."

Alamu anaseka, koma misozi inali m'maso. Kenako anaweramitsa mutu n'kuyamba kulankhula za moto, za akuba, za chipinda chimene anakonza kale chokhala ndi makatani atsopano. Azakhali anawagwira chibwano n'kuwadzutsa nkhope.

"Ukalankhulira pansi ukudzilankhulira wekha."

"Ndikuti longedzani, Amayi. Munthu angagogode mpaka mawa inu osadziwa. Mukhala bwanji?"

"Ukandiika kumwamba kuja ndikamva?"

"Simukafunika kumva."

"N'zimene ndikuopazo."

Ine sindine wolankhula pa nkhani za eni, koma ndinali nditaganiza kale kanthu pochapa matewera. Ndinapempha alamu kuti andipatse kanthawi pang'ono asananyamule chilichonse. Ndinakamasula chingwe changa choyanikira, ndinatenga misomali ndi hamala ya amuna anga. Pamwamba pa chitseko cha Azakhali pali kampata. Ndinapisa chingwe pamenepo, n'kuwauza alamu, poti ndi aatali, akhome misomali m'denga n'kuipinda, kuchokera pachitseko mpaka pawindo. Anakhoma akung'ung'udza. Chingwe chinadutsa m'misomalimo. Kunja ndinamangirira supuni yakale yoti munthu azikoka. Mkati, kutsogolo kwa tebulo, ndinamangirira kansalu kofiira ndi kabatani kolemera kuti kazibwerera pansi.

"Mlamu, izi ndi zoseweretsa ana," anatero alamu.

"Tapitani panja mukakoke."

Anatuluka, tinatseka. Azakhali anatenga simbi n'kuyang'ana kuwindo ngati tsiku lililonse. Kansalu kanadumpha, n'kutsika, n'kudumphanso.

"Lowa, dalaivala," anatero osacheuka. "Ukukoka ngati ukuimitsa basi."

Alamu sanagonje tsiku lomwelo. Anakagula ketulo yozima yokha madzi akawira, anachotsa kachitofu kakale n'kukaika m'galimoto. Anawasiyira foni yoonetsa nkhope, kuti aziwaona pakamwa akamalankhula, ndipo anandipempha kuti ikalira ndizikawagwira paphewa. Anati ayesa mpaka mvula itatha, ndipo akadzangomva za utsi kachiwiri sadzamveranso za zingwe. Galimoto inabwerera ndi kachitofu kokha. Azakhali anaiyang'ana mpaka inakhota.

Mvula inatha, ndipo akadali pompano. Mumsewu monse tsopano akudziwa, ndipo palibe chinagwa. Anesi amalankhula nawo motsegula pakamwa kwambiri ngati akuyeza mano, mpaka Azakhali anawauza kuti, "Ndine wogontha, Anesi, si mwana wa mkaka." Wa masuti anabwerera. Vuto ndi ana a sukulu, amene amakoka supuni n'kuthawa. Azakhali amatsegula, kupeza palibe munthu, n'kubwerera akupukusa mutu.

"Kansalu aka n'kabodza," amatero. "Ndipo sikadziwa kusiyanitsa Anesi ndi Ometa."

Pawindo paja sanaikepo kanthu. Amapukutapo mmawa uliwonse.

Masana ena posachedwapa ndinali pampando wanga, mwana atagona pamabulangeti, dzuwa litalowa mpaka pakati pa chipinda. Azakhali ankasita diresi laukwati la munthu wina, lalitali, lotsikira pansi ngati madzi. Analankhula osandiyang'ana.

"Kumaloto ndimamva, ukudziwa? Ndimamva mvula. Ndimamva mluzu wa malemu akukwera masitepe a nyumba imene sitinakhalemo. Dzana ndinalota Kolala atakhala pamakina akuhotela, makina onse ali chete. Anatsegula kukamwa, koma ndinadzuka asanalire."

Anaimika simbi n'kutembenuka.

"Zaka zonsezi sindinamvepo mawu ake. Injini ija ndinkaimva m'manja. Koma akatsegula kukamwa ndinkangoona lilime. Kodi ankalira bwanji?"

Ndinaganiza. Ndinati anali ndi mawu aang'ono osayenera thupi lake, okhala ngati chitseko cha kabati chosowa mafuta, ndipo kumapeto ankakweza ngati akufunsa funso.

"Tachita."

"Azakhali, ine mayi wa mwana?"

"Palibe akukuona. Tachita."

Anabwera n'kuika zala zawo zofunda pakhosi panga. Ndinalira ngati Kolala. Anatseka maso.

"Bwereza."

Ndinabwereza, mokweza kumapeto. Anakhala choncho, zala pakhosi panga, mutu atapendeketsa, nthunzi yomaliza ikuchoka pa diresi lija. Ndinaona kansalu kofiira kakudumpha kutsogolo kwa windo, koma iwo maso anali chitsekere, ndipo sindinawauze msanga. Ndinalira kachitatu.

Atatsegula maso anakaona kakugwedezeka. Anapukuta kumaso ndi epuloni n'kupita kukatsegula. Anali Ometa, matawulo ali m'manja, akusuzumira pansi pa tebulo.

"Anasimbi, mwapeza wina? Ndamva mphaka."

"Ndi wa eni," anatero Azakhali. "Amangobwera kudzagona. Ikani matawulowo apo."